ZA CITHUNZITHUNZI CA "GRAN TURISMO" NDI ANA ATHU OKONDA LIWIRO

Tsiku lina ndiri kuphunzitsa masamu, ndinaona mnyamata wina wa pa mpando wa kumbuyo atagwira buku lace ndi manja awiri, nalikhotetsa uku ndi uku monga ciongolero ca galimoto, milomo yace iri kulira ngati injini. Ndinamuimika ndi kumfunsa kuti, "Kodi iwe, ulikucita ciani?" Iye anayankha mosaopa nati, "Aphunzitsi, ndirikuphunzira kuyendetsa. Mnyamata wina wa ku Ulaya anayamba ndi masewera okha, ndipo anapambana akatswiri onse. Tinaona tokha ku vidiyo." Anzace anabvomereza kuti nzoona. Tsono pakuti si bwino kuweruza mlandu usanaumve, Loweruka lace ndinapita pa boma la Chitipa, ndinalipira pa khomo, ndi kukhala pa thabwa pakati pa ana, ine wa imvi, kuti ndione ndi maso anga cinthu cimene calowa m'kalasi langa osaodira.

Kapena ena a inu, makamaka akulu a ku Nthalire, ku Wenya ndi ku mapiri a Misuku, simudziwa masewerawa, ndipo ndiyenera kuyamba ndawafotokoza. Gran Turismo ndilo dzina la masewera a pa makina a PlayStation, amene munthu wa ku Japan, Kazunori Yamauchi, anawatulutsa m'caka ca 1997. Wosewera akhala pa mpando m'nyumba, napenya mseu pa galasi la kanema, nagwira ciongolero cimene ciribe galimoto. Koma mseuwo anaujambula mosamala kufanana ndi mabwalo enieni a mipikisano, ndi zokhota zace zonse ndi zitunda zace. Masiku ano, mwa intaneti, munthu wa ku Johannesburg akhoza kupikisana ndi mnzace wa ku Tokyo, yense ali m'cipinda cace. M'caka ca 2008 eni ace a galimoto za Nissan pamodzi ndi a Sony anapangana kuyesa ngati katswiri wa masewerawa angathe kusanduka woyendetsa weniweni, ndipo sukulu yaoyo anaicha GT Academy. Mu 2011 anapambana mnyamata wa ku Cardiff, Jann Mardenborough, wa zaka 19, pakati pa anthu 90,000 amene anayesako. Cithunzithunzi cimene ndinaona, ca m'caka ca 2023, cisimba mbiri ya mnyamata ameneyu, ndipo amene anacikonza ndiye Neill Blomkamp, wobadwira ku Johannesburg.

Ndiyambe ndi zokoma, pakuti ziripo, ndipo wotsutsa amene sayamika kanthu ali ngati mkamwini wodya nsima ya apongozi nkhope iri gwa. Cinthu cimodzi anacigwira bwino ndico kuonetsa za m'mutu mwa wosewera. Pali pena mnyamatayo ali m'cipinda cace, ndipo zitsulo za galimoto zisonkhana zokha momzinga, magudumu, zitseko, injini, kufikira akhala ngati ali pa bwalo lenileni. Ana amene ndinakhala nao anaomba m'manja pamenepo, nanenso ndinazindikira cimene mnyamata wanga analikuona pogwedeza buku lija. Bwino lomwe anasewera Djimon Hounsou, wobadwira ku Benin, amene ali atate wa mnyamatayo. Atateyo sakhulupirira za masewera, namtengera mwana wace ku nchito ya pa njanji kuti aone kumene atsirizira anthu opanda maphunziro. Anawo anamnyoza m'nyumba muja, ndi womasulira m'Cicewa uja, amene alankhula pamwamba pa mau a eni ace, anamsandutsa nkhalamba yoseketsa; koma ine ndinamva naye cisoni, pakuti mau ace ndiwo mau a kholo liri lonse la kuno limene lagulitsa khofi kapena nyemba kuti mwana aphunzire.

Ciphunzitso ca kayendetsedwe cimene cionekamo nacenso ncoona, ngakhale acidutsa mofulumira. Amene adziwa masewerawa anena kuti wophunzira aliyense ayamba ndi kulakwa kumodzi, ndiko kulowa pokhota ndi liwiro lalikulu. Katswiri aponda mabuleki galimoto ikali poongoka, nalowa mofatsa kucokera kunja kwa mseu, nakhudza m'kati mwa pokhotapo, natulukiranso kunja alikuonjeza moto. Cifukwa liwiro limene atuluka nalo pokhota ayenda nalo mtunda wonse woongoka umene uli kutsogolo. Asankha cizindikiro ca pambali, kapena cikwangwani kapena mtengo, kuti nthawi zonse ayambire pomwepo kuponda mabuleki, ndipo maso ace apenya kutali kumene afuna kupita, osati pa mphuno ya galimoto ai. Azungulira bwalo limodzimodzilo kambirimbiri ndi galimoto imodzimodziyo, nayerekeza ulendo wace ndi wa munthu womposa, kuti apeze pokhota pamene ataya kagawo kakang'ono ka sekondi. Ndipo pa masewera ena, monga iRacing, wogunda anzace amcotsera mamalikisi, samlola kupikisana ndi odziwa kufikira ataphunzira ulemu. Ine monga mphunzitsi ndinadabwa kupeza kuti nzeru ya masewera a liwiro ndiyo yomwe ija ya makolo, yakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana amene angapirire kubwereza pokhota pamodzi kazana, angapirirenso kubwereza samu imodzi kakhumi.

Koma tsono ndiri nayo milandu itatu, ndipo wotsiriza ngwolemera koposa inayo.

Pa ciyambi pomwe mnyamatayo atenga galimoto ya atate wace usiku, apolisi namthamangitsa m'miseu ya m'mudzi, iye nawazemba, ndipo okonza cithunzico aikapo zolemba za masewera monga ngati wapata mphotho. Ana anapfuula ndi cimwemwe. Ine ndinakumbukira kuti ambiri a iwo, zaka ziwiri kapena zitatu zikapita, adzakhala pa njinga zamoto za kabaza, atanyamula amai ndi makanda kumbuyo, ndipo phunziro loyamba limene alandira ndilo lakuti kuthawa wapolisi ndi ukatswiri.

Mlandu waciwiri ndi wa kucepsa njira. Cithunzico cionetsa ndithu kuti anyamatawo anabvutika ku sukulu ija, anathamanga, anasanza, anatuluka thukuta. Koma mtima wa nkhani yonse ndi wakuti wa masewera aposa wa pa mseu, ndipo kuti atsimikize ici okonzawo anapeka anthu. Mphunzitsi wace Jack Salter, ndi mdani wace wolemera wa galimoto ya golide, sanakhaleko konse. Pa mpikisano wa Le Mans ku France, umene aucita maora 24 osaleka, atisonyeza ana a masewera okhaokha atatu ali m'galimoto imodzi mosinthana. Zoona zace nzakuti mu 2013 anali Jann, ndi Lucas Ordóñez amene anapambana GT Academy yoyamba, ndi Michael Krumm wa ku Germany, munthu wokhwima amene anapikisana pa mabwalo enieni zaka zambiri. Anakhala acitatu m'gulu la galimoto za mtundu wao, si mwa galimoto zonse ai. Sindinena ici kuti ndiwacepse: anayenda makilomita oposa 4,000 usana umodzi ndi usiku umodzi, ndiko kunena kucoka pa Chitipa kunka ku Karonga ndi kubwerera kamakumi awiri. Koma mwana wa kuno ayenera kuuzidwa kuti mwa 90,000 aja anatengedwa mmodzi, kuti mmodziyo anamphunzitsa miyezi yambiri pa galimoto zenizeni asanamlole kupikisana ku Dubai mu Januwale 2012, ndi kuti sukuluyo inatsekedwa mu 2016. Khomo limene iwo alikulipenya kulibenso.

Anyamata ena anandiuza kuti, "Nanga Verstappen, aphunzitsi?" Indedi Max Verstappen akonda masewerawa kopambana, mu Meyi 2024 anapambana mpikisano weniweni wa Formula 1 ku Imola, ndipo masiku omwewo gulu lace linapambananso mpikisano wa maora 24 wa pa kompyuta, iye alikuthandizako. Koma ameneyu anayamba kuyendetsa tigalimoto tating'ono ali wa zaka zinai, atate wace Jos anali woyendetsa wa Formula 1, ndi amace omwe anali katswiri wa tigalimototo. Masewera anola mpeni umene unasulidwa kale kwina. Pa galasi munthu samva kutentha kwa m'galimoto, kapena mphamvu imene ikankha khosi pokhota, kapena mantha. Ndipo akagunda khoma angodinda batani nayambanso.

Mlandu wacitatu ndi uwu. Pa 28 Malici 2015, pa bwalo la Nürburgring ku Germany, pa citunda cina dzina lace Flugplatz, mphepo inalowa pansi pa galimoto ya Jann, niinyamula mphuno m'mwamba, galimotoyo niuluka kulumpha mpanda ndi kugwera anthu oonerera. Munthu mmodzi anafa. Jann mwini wace sanafune kuti ngoziyi ibisidwe, ndipo pa ici ndimlemekeza. Koma taonani cimene okonza cithunzi anacita: anaicotsa ngoziyo pa malo pace, naiika patsogolo pa Le Mans, cinkana inacitika zaka ziwiri pambuyo pace. Motero nkhani iyenda comweci: mnyamata agwa, afuna kuleka, mphunzitsi amlimbitsa mtima, ndipo anka ku France nakapambana, onse akondwera. Imfa ya munthu yasanduka mwala wopondapo kuti ngwazi ioloke mtsinje. Wakufayo sitiona nkhope yace, sitimva kulira kwa abale ace. Tiona misozi ya woyendetsa yokha. Kwathu kuno, maliro akagwa m'mudzi, ngakhale makasu aleka kulima, ndipo munthu amene angatenge maliro a mnzace nawasuntha tsiku kuti nthano yace ikome, akulu akadamuitana pa bwalo. Ambiri a ku Ulaya komweko anadandaula naco cinthu cimeneci pamene cithunzico cinatuluka, ndipo ndiganiza kuti analondola. Ndiponso pa Le Mans ya 2013 yomweyo panafa woyendetsa wa ku Denmark, Allan Simonsen, mpikisano utangoyamba. Cikondwerero ca tsikulo sicinali coyera monga aticionetsa.

Ndilowetsepo pang'ono mau ena. Ndimva cisoni kuti ana athu adziwa maina a mabwalo a ku Italy, koma sanamve za Safari Rally ya ku Kenya, imene inayamba mu 1953 pa miseu ya pfumbi ndi matope yonga yathu yomwe, kumene Joginder Singh anapambana katatu, mu 1965, 1974 ndi 1976. Kapena za Satwant Singh wa ku Zambia, tsidya lino lomwe, amene anakhala katswiri wa Afrika kasanu ndi katatu. Formula 1 inapikisana komariza pa dothi la Afrika mu 1993, ku Kyalami. Wokonda liwiro wa ku Chitipa akadaphunzira zambiri kwa anthu amene anadziwa kuyenda pa mseu wokumbika, pamene ng'ombe ituluka m'chire mosacenjeza, koposa kwa iwo a mabwalo osalala otsekedwa ndi mpanda.

Pakuti mseu wathu suli bwalo. Njira ya ku Karonga, imene James Stewart anayamba kuilambula mu 1881 ndi anthu a makasu, tsopano ndi ya phula, ndipo ulendo umene unali kutha tsiku lathunthu nthawi ya dzinja utha maora awiri. Tiyamika. Koma nzeru ija yolowa pokhota kucokera kunja ndi kukhudza m'kati, imene pa bwalo ipatsa munthu mphotho, pa mapiri a pakati pa Chitipa ndi Karonga imuika kumbali ya mnzace, kumene lole ya malasha irikudza. Pa bwalo onse apita mbali imodzi, abvala zisoti ndi malaya osapsa, ndi madokotala adikira pafupi. Pa mseu wathu pali mai wosenza nkhuni, mwana wothamangitsa mbuzi, ndi mkulu wa pa njinga yakapalasa amene samva bwino.

Sindinamletse mnyamata wanga kukonda galimoto, ndipo makolo amene andifunsa ndiwauza kuti cithunzico aone pamodzi ndi ana ao, nawauze za caka ca 2015. Koma Lolemba lace ndinasintha samu. Ndinalemba pa bolodi kuti galimoto irikuyenda makilomita 100 pa ora; ipita mamita angati pa sekondi imodzi? Anabvutika nayo, koma anapeza 28, kupatula kanthu pang'ono. Ndinawauzanso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira utaponda mabuleki uwirikiza kanai. Pamenepo tinatuluka kunka pa bwalo la mpira, ndipo mnyamata uja ndinampatsa cingwe kuti ayese mamita 28, mtunda umene galimoto ipita woyendetsa asanasunthe ndi phazi lomwe. Anayesa, naima kumapeto kwace, napenya kumbuyo kumene anzace anaima. Anakhala cete kanthawi, nati, "Aphunzitsi, ndiyesenso, kapena cingwe cafupika." Anayesanso kawiri, napeza comweco.