Nyimbo za Lumpa ndi Malire a Kafotokozedwe ka van Binsbergen

M'buku lake la Religious Change in Zambia (1981), Wim van Binsbergen afotokoza mpingo wa Lumpa monga kuukira kwa alimi akumidzi amene anakana ulamuliro wa atsamunda, pambuyo pake nakananso cipani ca UNIP ndi boma lake. Kafotokozedwe aka kali ndi mphamvu pomasulira nkhondo ya mu 1964 ku Chinsali ndi ku Lundazi, m'mene anthu oposa 700, malinga ndi ciwerengero ca boma, anaphedwa kutatsala miyezi yocepa kuti dziko lilandire ufulu. Koma ife tiona kuti sikafika pa tsinde la nkhani.

Anthu amene anakhamukira ku Kasomo, Alice Lenshina ataona masomphenya mu 1953, anapita kukataya zithumwa ndi nyanga, kukabatizidwa, ndiponso kukaimba. Nyimbo za Lenshina zinali m'Cibemba ca pamudzi, m'maimbidwe amene khutu linawazolowera kale, pamene zambiri za ku mishoni ya Lubwa zinali zomasulira kucokera m'mabuku a Azungu, zolemera palilime. Lamulo loletsa mitala ndi mowa linamkhudza mkazi m'nyumba mwake momwe. Pa cifukwa ici Hugo Hinfelaar (1994) anayandikira coonadi poika akazi pakati pa mbiri imeneyi.

Codandaulitsa n'cakuti ife a maphunziro a zinenero tawasiyira akatswiri a mbiri yakale nyimbozi, iwo nazigwiritsa nchito monga umboni cabe, kawirikawiri zitamasuliridwa m'Cingelezi. Mafanizo ake, kayendedwe ka mawu, ngakhalenso ubale wake ndi nyimbo za cinamwali ca Abemba, cisungu, zonsezi zifunika kusanthulidwa m'cinenero cimene nyimbozo zinapekedwamo.