Za Cikumbutso ca Nkhondo: Maina Ayambe, Njerwa Zitsate

Caka ndi caka m'mwezi wa November akuru a dziko amasonkhana kukumbukira anthu amene anafa pa nkhondo zazikuru ziwiri zija. Ndipo nkhalamba zimene zinali asilikari zimaitanidwa, zibvale mamendulo ao, zikhale pa mipando ya patsogolo. Paliponse pamene anthu afuna kumanga cikumbutso ca nkhondo, amayamba ndi kupempha asilikari akalewo kuti abvomereze, pakuti adziwa kuti nchito yotere siyenda ngati eni nkhondo aikana. Kupempha kumeneku nkwabwino. Koma tisanapemphe, tiyambe tayesa zikumbutso zitatu zimene zinamangidwa kale, tione cimene cinakoma ndi cimene cinaperewera, kuti tidziwe cimene tiyenera kufunsa kwa nkhalambazo.

Coyamba ndi nsanja ya ku Zomba, imene iima pafupi ndi Cobbe Barracks. Inamangidwa ndi njerwa itatha nkhondo ya 1914 kufikira 1918, imene makolo athu anaicha nkhondo ya Ciwaya. Nsanjayi ndi yaitali, yooneka patali, ndipo ubwino wace woposa ndi uwu, kuti pa iyo panalembedwa maina a asilikari akuda a King's African Rifles amene sanabwerere kwao. Mdzukulu akhoza kufika, naika cala pa dzina la agogo ace. Cifukwa ca ici omanga aja tiwayamika.

Koma nkhondo ija sinamenyedwe ndi onyamula mfuti okha iai. Kuyambira pamene Ajeremani anabwezedwa pa Karonga pa 9 September 1914, kufikira pamene mkuru wao von Lettow-Vorbeck anatula zida pa Abercorn, ndiyo Mbala ya ku Zambia, pa 25 November 1918, ufa uliwonse, cipolopolo ciliconse ndi hema aliyense zinayenda pa mitu ya anthu. Pakuti miseu inali yowerengeka, ndipo akavalo ndi ng'ombe zinkafa ndi kashembe. Dziko lino, limene masiku aja linkachedwa Nyasaland, linapereka asilikari ngati 19,000, koma amtengatenga ngati 200,000, pamene anthu onse a m'dziko anangopitirira pang'ono 1,000,000. Ambiri a iwo sanapite mwa kufuna kwao. Mafumu anakakamizidwa ndi Boma kupereka anthu, ndipo ena anagwidwa usiku m'nyumba zao. Anasenza mitolo ya mapaundi 50 kapena 60, nakwera nayo mapiri ozizira a kumpoto kwa nyanja, nafa ndi kamwazi, cibayo, malungo ndi njala. Nsanja ya ku Zomba ndi ya asilikari. Nanga osenza aja, malo ao ali kuti?

Caciwiri ciri ku Dar es Salaam, ku Tanzania, kumene anthu athu ambiri anatsikira ku manda m'dziko lace. M'caka ca 1927 anaimika pakati pa mzindawo cifanizo ca msilikari wakuda ca mkuwa, atagwira mfuti yosongoka ndi beneti. Mmisiri anaiumba bwino nchito yace. Ndipo m'munsi mwace anajambulamo ndi amtengatenga omwe, cimene ciri cokoma. Koma maina a akufawo palibe. Munthu mmodzi wamkuwa aimira zikwi za anthu. Ndipo woimira onse sali mwana wa munthu aliyense. Mai wofedwa sanalire pfuko lonse, analira mwana wace amene anamucha dzina.

Kusowa kwa mainaku sikunadze mwangozi. M'caka ca 2021 bungwe losamala manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linaturutsa zimene linapeza litasanthula makalata ace akale: kuti anthu osacepera 116,000, kapena kufikira 350,000, ambiri a iwo a mu Afrika, sanakumbukiridwe ndi dzina, ena sanakumbukiridwe konse. Linapezanso kuti akuru ena a Boma la masiku aja anaganiza kuti munthu wakuda sazindikira tanthauzo la mwala wa pa manda. Nduna ya asilikari ya ku Britain, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo caka comweco. Maganizo aja anali olakwa ndithu. Kodi sife amene timalimira manda, kumanga ziliza, ndi kucha ana maina a makolo kuti dzina lisafe? Kwa ife maliro osaikidwa ndi cironda ca mudzi wonse.

Cacitatu ciri ku Cape Town, ku South Africa, ndipo cinatsegulidwa ndi Princess Anne mu January 2025. Cikumbukira anthu akuda a dzikolo oposa 1,700 amene anafa akugwira nchito za nkhondo yomweyo osanyamula mfuti. Apa palibe nsanja, palibenso cifanizo. Pali mizati yamatabwa yoimikidwa pamodzi m'munda, ndipo mzati uliwonse uli ndi dzina la munthu mmodzi. Woyenda pakati pace aona yekha kucuruka kwa akufa, monga munthu aona kukula kwa nkhalango akalowa m'kati. Pa zitatuzi, ici ndico cinalondola njira. Koma cinacedwa, cinafika patapita zaka zoposa 100, onse odziwa nkhope za anthuwo atatha.

Tsono phunziro lace ndi ili: cikumbutso ciyesedwa ndi maina, si ndi kutalika kwa njerwa. Ndipo ngati nkotero, ofuna kumanga asapite kwa asilikari akale kukapempha cidindo ca cala cokha, kapena kuwaimika pa dzuwa kuti ajambulidwe. Awafunse kuti, Munali ndi yani? Anatsala kuti? Kwao kunali mudzi uti? Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo limeneli liri kuuma. A nkhondo ya Ciwaya anapita onse. A nkhondo ya 1939 kufikira 1945, amene anafika ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma, atsala owerengeka. Zambiri zimene tidziwa za Ciwaya tizidziwa cifukwa mphunzitsi wina, Melvin Page, pamodzi ndi ophunzira a ku Chancellor College, anayenda m'midzi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, nalemba mau a nkhalamba zisanafe. Akadacedwa zaka 20, akadapeza mitumbira yokha.

Wina adzati, Ndalama za njerwa bwanji osagulira nkhalambazo bulangete ndi mankhwala? Funsoli nloona, ndipo omanga aliyankhe poyera asanapemphe kanthu. Pakuti kulemekeza wakufa ndi kusiya mnzace wamoyo agone ndi njala ndi cinyengo. Koma kusonkhanitsa maina sikulira cuma cambiri. Kulira cikalata, colembera ndi miyendo.

Apa nchito ifika kwa inu, abale a m'midzi. Mutu umodzi susenza denga. M'mabanja mwanu mulipo agogo amene akumbukira kuti atate ao kapena malume ao anapita ku mtengatenga osabwerera. M'mabuku akale a mipingo muli maina a anthu amene analembedwa kuti anafa m'zaka zimenezo. Anyakwawa adziwa mabanja amene anacotsedwa anthu. Khalani pansi ndi iwo, lembani dzina, mfunda, mudzi ndi mfumu yace, nimusunge kalatayo pabwino. Pamenepo tsiku limene omanga adzafika kudzapempha cibvomerezo, asilikari akale ndi adzukulu a amtengatenga adzawayankha ndi mau amodzi, kuti, Tibvomera, koma maina ndi awa. Muyambe mwawalemba onse.