Chimeza, Mdzukulu wa M'thupi

Lira mbalule, mpanje uvomere! Lero m'bwalo sitikutamanda mfumu ya ku Kabudula kapena mwini mzinda wa ku Nambuma. Tikutamanda iwe Chimeza, selo losaoneka ndi maso, amene madokotala amakutcha makirofeji.

Ndiwe Mdzukulu wosagona, Woika maliro popanda wolira, Msesabwalo wa mbandakucha. Maselo mabiliyoni amafa tsiku lililonse m'thupi la munthu mmodzi, koma mwini thupi amalima, kugona, kudzuka, osamva kanthu, chifukwa iwe waika kale. Selo likatopa limakutumira uthenga, n'kutembenuzira kunja mafuta amene linkabisa mkati mwa khungu lake. Iwe ukaona chizindikirocho umafungatira, n'kumeza lathunthu lisanaphulike, kenako n'kuuza asilikali a m'thupi kuti khalani pansi, kuno kulibe nkhondo.

Wa m'chiwindi! Wa m'mapapo! Wa m'kapamba, amene umalandira selo lofiira la magazi likatha masiku ake 120, n'kupulumutsa ayironi yake kuti ikapange magazi ena. Wasayansi Élie Metchnikoff anaona amtundu wako ku Messina mu 1882 atazinga kaminga kamene anabaya nako kanyama ka m'nyanja, ndipo mu 1908 analandira mphoto ya Nobel.

Koma Chimeza, ukachedwa mudzi umanunkha. Mtembo wa selo umaphulika, DNA ndi zonse za mkati n'kutayikira poyera. Asilikali aja poona zinthu zimene sanazizolowere amayesa mdani walowa, amasula mikondo n'kuyamba kulasa mwini wawo. Imeneyi ndi imodzi mwa njira zimene nthenda ya lupus imabwerera: mfundo za mafupa kutupa, tsitsi kuthothoka, malungo osamva mankhwala a malungo, zidzolo zoyala mapiko ngati gulugufe pamasaya, impso kulefuka mwakachetechete. Mwa odwala 10, akazi ndi 9, ambiri a msinkhu wobereka. Iwe Chimeza uli ndi mnzako wokulozera mitembo, puloteni ya C1q. Anthu obadwa opanda iyo, ochuluka zedi amadwala lupus. Umboni wa ntchito yako ndi umenewo.

Dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo m'minda ya ku Nsaru ndi ku Mpingu, limaphanso maselo a pakhungu, mitembo n'kukuchulukira, nthenda n'kuyaka. N'chifukwa chake wodwala amauzidwa kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali. Apa musaloze chala agogo a kuseri kwa nkhokwe kuti alodza mwana, iyayi. Mutengereni ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, akafuna kuyeza zambiri amutumiza ku Kamuzu Central.

Ndipo taonani amene amabwera kudzaziziritsa asilikali olusawo: mankhwala a hydroxychloroquine, mphwake wa kolokwini uja amene Malawi inamuchotsa pa ntchito ya malungo mu 1993. Ombani mbalule, Chimeza alowe m'bwalo!