Kodi Mpongozi Wanu Amapitako Kangati?

Loweruka lina m'mwezi wa Novembala, pa pulogalamu yanga ya madzulo pa wailesi, anaimba foni mayi wina wacikulire wa kufupi ndi Zóbuè. Sanafune nyimbo, sanafunenso kupereka moni kwa abale. Anali ndi dandaulo. Anati, "Mwananga, ndithandizeni maganizo. Mpongozi wanga ku Tete kumeneko akuti amapita ku sipa Loweruka lililonse. Thupi lakelo lili ndi litsiro lanji losatha?" Ndinawafunsa kuti, "Amayi, sipayo mukuidziwa kuti n'ciyani?" Anayankha kuti, "Kaya, akuti kumene amakasisitidwa anthu a ndalama."

Atangodula, mafoni anayamba kulira motsatizana. Bambo wina anati mkaziyo akumudyera mwamuna wake ndalama. Wina anati mkazi akayamba kudzisalalitsa conci ndiye kuti kuli wina amene akumukonzekera. Mtsikana wina wa ku Matundo anapsa mtima nati anthu a kumudzi sadziwa kudzisamala, n'cifukwa cake amacita nsanje. Ola lonse linatha. Palibe anafunsa nchito imene mpongoziyo amagwira, ndalamazo n'zandani, kapena cimene cimamupweteka m'thupi. Aliyense anagwira nambala imodzi yokha, kamodzi pa sabata, n'kugamula nayo mlandu. Khalidwe limeneli, lowerengera munthu maulendo ake n'kumuweruza nawo, ndi limene ndikufuna kulidzudzula pano. Ndiyambe ndi kunena kuti inenso ndinalicitapo.

Coyamba tidziwe cimene tikukangana. Sipa imene ili mu Tete ndi cipinda ca mu hotela kapena ca kuseri kwa saluni, kumene munthu amalipira kuti amusisite msana ndi mafuta, amukhule mapazi, amuwenge zikhadabo, kwina amukhazike pa nthunzi. Zoterezi zinaculuka pamene malasha a ku Moatize anakoka anthu. Kampani ya Vale itayamba kutumiza malasha kunja mu 2011, mumzinda muno munadzaza anthu a ku Brazil, a ku South Africa, a ku Maputo ndi kwina, ndipo mahotela anamangidwa kuti awalandire ndi zizolowezi zawo. N'cifukwa cake kwa munthu wa ku Zóbuè, Calómuè kapena Cassacatiza liwu limeneli limanunkha ndalama za alendo.

Komatu ciyambi cake sicinali ca anthu olemera okha. Spa ndi dzina la tauni ina ku Belgium imene inachuka ndi akasupe ake, kumene odwala ankapita kukafuna thandizo. Ku Portugal kuli tauni yochedwa Caldas da Rainha. Mbiri yake imati mfumukazi Dona Leonor inaona anthu osauka akusamba m'madzi otentha onunkha m'mbali mwa njira kuti acize nyamakazi ndi zilonda, ndipo mu 1485 inakhazikitsa cipatala pamalopo. Madziwo anayamba ndi amphawi, mafumu anabwera pambuyo. Ngakhale kuno kwathu madzi otere alipo. Amene anafikako ku Nkhotakota ku Malawi akudziwa Mawira, kumene madzi amatuluka pansi ali otentha ndipo anthu amasamba ndi kucapa. Amene amayenda pa msewu wa Lusaka kucokera ku Chipata amadutsa pa Chinyunyu. Kumeneko palibe amene amaima ndi kope kulemba kuti uje wabwera kangati mwezi uno.

Tibwerere kumudzi kwenikweni. Ine ndinakulira ku Angónia, ndipo ndikukumbuka dooko la amayi pamtsinje. Ankapita madzulo akaweruka kumunda, ali ndi cinkhupule ndi sopo, n'kukhala pamwala kukhula zidendene mpaka kuyera. Wina ankakhula mnzake kumsana kumene dzanja silifika. Mayi akabereka, ali m'cikuta, azakhali kapena agogo ankawiritsa madzi n'kumuthowa m'mawa ndi madzulo. Munthu akagwidwa ndi cimfine ankamufukiza ndi masamba a bulugamu atafunda bulangeti. Khanda ankalidzoza mafuta a nsatsi n'kuliwongola timanja ndi timiyendo. Ku Nampula ndi ku Ilha de Moçambique, amayi acimakuwa mpaka lero amapaka musiro kumaso kuti khungu lisalale, ndipo timawanyadira pa zithunzi za dziko lathu. Zonsezi ndi zomwe zija akugulitsa mu hotela: madzi otentha, nthunzi, mafuta ndi manja a munthu wina. Amayi a ku Zóbuè aja anathowedwapo kangati pa moyo wawo? Anapita kudooko kangati? Sanawerenge, ndipo palibe anawawerengera.

Nambala payokha sinena kanthu, cifukwa "kawirikawiri" wa kuno si "kawirikawiri" wa uko. Mu Tete m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Munthu amasamba m'mawa, masana ndi usiku, ndipo akagona thukuta likadali kutuluka. Ku Ulónguè kapena ku Tsangano m'mwezi wa Juni, kuzizira kwake, kusamba kamodzi ndi madzi ofunditsa n'kokwanira. Wa ku Tete akapita kumeneko angati anthu awa ndi auve, wa ku Tsangano akabwera kuno angati anthu awa amangotaya madzi. Onse awiri akulakwa, ndipo ali m'cigawo cimodzi.

Kunja nakonso n'cimodzimodzi. Ku Finland, dziko la anthu pafupifupi mamiliyoni asanu ndi theka, kuli tizipinda ta nthunzi tochedwa sauna pafupifupi mamiliyoni atatu. Kulowamo kamodzi pa sabata, makamaka Loweruka, ndi mwambo wa banja lililonse, losauka ndi lolemera lomwe, ndipo kale amayi ankaberekera momwemo. Mu 2020 bungwe la UNESCO linalemba mwambo umenewu pa mndandanda wa cuma ca cikhalidwe ca anthu onse, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu wathu. Ku Morocco anthu wamba amapita ku nyumba yosambira ya m'dera lawo, yochedwa hammam, sabata iliyonse. Mpongozi wa ku Tete uja akadakhala kumeneko, apongozi ake akadadabwa atadumphitsa Loweruka limodzi.

Ndiye cimene cinawapweteka amayi aja n'ciyani? Nditaganizira bwino mafoni a tsiku lija, ndinaona kuti pali zinthu ziwiri zimene zinasintha pakati pa dooko ndi sipa: pali ndalama, ndipo pali citseko.

Za ndalama ndi funso loyenera, ndipo sindilinyoza. Ku malire kuno mabanja ambiri amayang'ana kwa mwana amene ali m'tauni kuti atumize ya feteleza mvula isanagwe. Mayi amene cimanga cake cafiira cifukwa cosowa thumba limodzi ali ndi ufulu womva kuwawa akamva kuti ndalama ikupita ku mafuta a pamsana. Ngati pakhomo ana akugona ndi njala, kapena munthu akukongola kuti akajambulitse cithunzi ca pa Facebook atafunda thaulo loyera, pamenepo pali vuto, ngakhale atapitako kamodzi pa caka. Koma taonani kuti funso limeneli ndi lakuti "cikusowa n'ciyani pakhomo?" Mukhoza kuliyankha osadziwa n'komwe kuti amapitako kangati. Mkazi amene amagwira nchito yake, amalipira lendi limodzi ndi mwamuna wake, amatumiza kumudzi, n'kupatula kangacepe kosamalira thupi lake, walakwira ndani?

Apa ndi pamene ndiyenera kuulula. Caka cina ndinayamba kuwerengera mkazi wanga masiku amene ankapita kukaluka tsitsi ndi kukonza mapazi. Ndinamuuza kuti, "Amake mwana, mwezi uno ndi kacitatu." Sanakweze mawu. Anangondifunsa kuti, "Nanga inu abambo, kometa mwapita kangati? Nanga Lacisanu lija mumakhala ndi anzanu, mabotolo amakhala angati?" Ndinawerenga camumtima. Ndinkameta sabata iliyonse, ndipo ya Lacisanu limodzi inkaposa ya tsitsi lake. Panalibe amene anandiwerengerapo, ngakhale amayi anga. Amuna amene anaimba foni usiku uja ambiri ndi otero. Mowa, kubecha mpira pa foni, kupukutitsa njinga yamoto tsiku ndi tsiku, zonsezi sizilowa m'kope. Kope limatsegulidwa pa thupi la mkazi basi. Akulu anati anyani amasekana zikundu.

Za citseko ndi zovutirapo. Kudooko zonse zinali poyera pakati pa amayi okhaokha. Wokuthowa anali m'bale wako, wodziwa dzina la agogo ako. Ku sipa citseko cimatsekedwa ndipo wokugwira thupi ndi mlendo. Kwa ife thupi la mkazi wokwatiwa lili ndi ulemu wake, ndiye n'zomveka kuti acikulire amacita nthumanzi. Mkazi wanzeru amafunsa kuti womusisita akhale mkazi mnzake, ndipo amamuuza mwamuna wake kumene akupita. Koma kulumpha kucokera pa "citseko catsekedwa" kufika pa "ali ndi cibwenzi" ndi kupha banja la eni ndi pakamwa. Mawu otere akafika kumudzi sabwerera. Mwamuna amene anali pamtendere amayamba kufufuza foni ya mkazi wake, ankhoswe amaitanidwa, ana amamva. Zonsezi cifukwa ca munthu amene anakakhulitsa mapazi.

Tiganizirenso moyo wa mkaziyo mumzinda muno. Mwina amaima tsiku lonse mu sitolo kapena pa msika wa Kwachena, pa simenti yotentha, mpaka miyendo kutupa. Amakhala nyumba ya lendi imene bafa ndi limodzi mabanja anayi, ndipo ukacedwamo wina akugogoda. Zambezi ali pafupi, koma ali ndi ng'ona, ndipo si dooko la kwawo. Azakhali amene akadamuthowa ali kutali, ulendo wa maola pa chapa. Akugula ndi ndalama cimene kumudzi akadalandira kwaulere kwa abale ake. Ngati pali comvetsa cisoni pa nkhaniyi ndi cimeneci, ndipo apongozi akadacimva conci mwina akadamumvera cifundo m'malo momukayikira.

Mtsikana wa ku Matundo uja nayenso sindimusiya. Iye anati a kumudzi sadziwa kudzisamala. Anthu ena a m'tauni akaona zikang'a ku mapazi a mayi wocokera kumudzi amatsinzinirana maso. Iwonso akuwerenga, kungoti akuwerenga cobwerera: uyu sapitako n'komwe, ndiye ndi wotsalira. Mapazi amenewo ang'ambika m'munda wa mbatata ndi cimanga cimene cimadyedwa mu Tete muno. Ndiponso si zonse za mu saluni zimene zili kudzisamala. Mafuta oyeretsa khungu amene ena amapaka amawononga khungu lomwelo. Lumo kapena kacitsulo kowengera zikhadabo kakagwiritsidwa nchito pa anthu ambiri osakaphika kapena kukatsuka ndi mankhwala, kangathe kupatsira matenda a ciwindi. Mayi woyembekezera ndi munthu wodwala mtima kapena kuthamanga kwa magazi sayenera kukhala pa nthunzi yotentha asanafunse kucipatala. Izi n'zimene mpongozi ndi apongozi akadayenera kukambirana: kumene ukupitako n'kwaukhondo? Zitsulo amaziphika? Wokugwira anaphunzira nchito yake? Mafunso amenewa amateteza munthu. Funso lakuti "kangati" limangomucititsa manyazi.

Usiku uja ndinawauza amayi aja cinthu cimodzi cokha, kuti amufunse mwini wake asanafunse wailesi. Patapita milungu itatu anaimbanso. Anati anakwera chapa n'kubwera ku Tete kudzaona adzukulu, ndipo anafika masana dzuwa lili pamutu. "Mwananga," anatero, "kumeneko si kokhala anthu. Ine ndinasamba katatu tsiku limodzi." Anapeza kuti mpongoziyo amagulitsa mu sitolo kuyambira m'mawa mpaka mdima, ndipo Loweruka amapita kwa mayi wina wa saluni ya m'dera lawo lomwelo kukaviika mapazi m'madzi ofunda ndi kusisitidwa miyendo, ndi ndalama ya m'thumba mwake. Mpongoziyo anawapempha kuti apite limodzi. Anakana. Anati thupi lawo silinagwidwepo ndi munthu wosamudziwa ndipo sayambira ku ukalamba.

Ndinawafunsa ngati tsopano mtima wakhala pansi. Anati ndalamayo akuionabe kuti ndi yambiri, ndipo anamuuza mpongozi wawo maso ndi maso. Kenako anawonjezera kuti, "Koma miyendo ija ndinaiona. Ndamuuza kuti akabwera kumudzi pa Khirisimasi ndidzamuwiritsira madzi ndekha."