Mphepo Siilipira Fizi

Pali nkhani imodzi imene ife olemba achinyamata timaikonda koposa, ndipo pa misonkhano yathu sipatha teremu wina asanatiwerengere yotere. Mwana ndi wanzeru, makolo ndi osauka, fizi yasowa, ahedi amuuza kuti atole mabuku ake azipita. Tsono tsamba lomaliza likamayandikira patulukira munthu wachifundo, kawirikawiri mlendo, nalipira zonse. Ine ndili ndi dandaulo pa kalembedwe kameneka, ndipo ndifuna kuliyesa pa nkhani ya mtundu womwewu imene idamveka kutali kuposa zonse za kwathu kuno: buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, The Boy Who Harnessed the Wind, la mu 2009, ndi kanema wake amene Chiwetel Ejiofor adakonza mu 2019.

Kwa amene simudaliwerenge, nkhani yake ili motere. Kamkwamba ndi wa m'mudzi mwa Masitala, ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Adalowa Fomu 1 pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ndipo adalekezera panjira chifukwa makolo ake adalephera kupeza fizi, ndalama zokwana ngati madola 80 a ku America pa chaka. Ali pakhomo adayamba kubwereka mabuku m'kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale, naona chithunzi cha makina a mphepo pa buku lotchedwa Using Energy, napanga akeake ndi zitsulo zotola, njinga yakutha ya bambo ake ndi dayinamo. M'nyumba mudayaka getsi.

Bukuli ndiliyamikira pa chinthu chimodzi chachikulu: lidziwa kumene fizi imachokera. Bambo ndi mlimi wa chimanga ndi fodya, ndipo sukulu ya mwana wake yapachikidwa m'chigafa pamodzi ndi fodyayo. Koma fodya amene akadapita ku okushoni kukasanduka risiti ya sukulu adali atadyedwa kale, popeza pa njala banja lidatenga chakudya pa ngongole, chikole chake fodya yemweyo. Mayi, khanda lili kumsana, aphika zigumu ndi kaufa kotsala nakagulitsa pa msika kuti apindule ufa wa madzulo. Banja lidya kamodzi pa tsiku. Mnyamata azembera m'kalasi wopanda risiti, mtima uli phaphapha, kudikira tsiku limene adzamutulukira. Pamenepa palibe kholo louma mtima kapena mphunzitsi wankhanza woti timuloze chala. Pali masamu okha amene akukana kutheka.

Masamuwo ali ndi mbiri yake. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi ya ku pulaimale, ndipo ana olembetsa adalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kamkwamba, wobadwa mu 1987, ndi wa m'badwo umenewo. Khomo lidatseguka pa Sitandade 1, koma pa Fomu 1 padali poyamba waonetsa ndalama. Onjezanipo kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chidagulitsidwa njala isanafike, mitengo nikwera, ndipo muona kuti kholo la ku Wimbe linkasankha pakati pa thumba la ufa ndi teremu ya mwana.

Kanemayu naye ali ndi zabwino zake. Adamujambulira ku Kasungu komweko, anthu ayankhula Chichewa m'mbali zambiri ngakhale lilime la ena lichita kuterereka, ndipo Ejiofor watipatsa bambo amene manyazi a kulephera amusandutsa waukali, monga tiwadziwira abambo ambiri. Koma taonani chimene wachita ndi nthawi. M'kanemamu makina a mphepo aimikidwa njala ili pachimake, nayendetsa pampu, madzi natuluka m'chitsime, mbewu nizimera m'chilimwe, mudzi nupulumuka. M'buku sizili choncho. Makina oyamba adadza njala itayamba kutha, ndipo ntchito yake idali kuyatsa mababu ndi kuliza wailesi. Sadambwezere mwanayo ku sukulu. Adakhala pakhomo zaka pafupifupi zisanu, kufikira nyuzipepala ya Daily Times idalemba za iye mu 2006, naitanidwa ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, anthu akunja nasonkha ndalama. Pambuyo pake ndipo padadza African Leadership Academy ku Johannesburg, ndi digiri ya ku Dartmouth mu 2014.

Zonsezi kanemayu wazikankhira ku timizere tolembedwa kumapeto, pamene oonerera ayamba kale kudzuka. Funso limene adatifunsa poyamba nlakuti, ndani alipire? Yankho limene watipatsa ndi madzi. Tituluka m'holo mitima ili mbee, titaiwala kuti mwana uja akadali wopanda risiti.

Chondiwawa kwambiri ndi mlongo wake wa mnyamatayu, amene Lily Banda wamusewera mogwira mtima. Mtsikanayu afuna kupitiriza maphunziro, koma ndalama zochepa zimene zilipo zaloza kwa mwana wamwamuna, iye natsala pakhomo kuthandiza mayi ake. Potsiriza athawa ndi mphunzitsi kuti pakhomo pachepe kamwa limodzi, nasiya dayinamo ya mphunzitsiyo. M'buku dayinamo adamgulira ndi mnzake, mwana wa mfumu. Choncho wokonza kanema adachita dala kuti chitsulo chimene chiyendetsa makina onse chigulidwe ndi moyo wa mtsikana. Ganizo lakuya ndithu limeneli. Nanga bwanji kamera siimutsata? Achoka usiku, ndipo ife tibwerera kukaonerera mapiko akuzungulira.

Mathero a mtundu uwu sadayambe lero. Legson Kayira, m'buku lake I Will Try la mu 1965, asimba za ulendo wake wa pansi umene adauyamba mu 1958 nafika ku Khartoum, kenaka anthu a ku Skagit Valley m'dziko la America namsonkhera ndalama za ndege. Wina anena kuti nkhani ziwirizi nzoona, mlendo adalipiradi, tsono cholakwa nchiyani? Ndivomera. Kayira ndi Kamkwamba adalemba zimene zidawaonekera, ndipo sindiwaimba mlandu. Mlandu uli pa ife amene tipeka nkhani zathu, tili ndi ufulu wonse, koma tingobwereka mathero a munthu mmodzi mwa zikwi. Anzake a Kamkwamba amene adathamangitsidwa naye limodzi, amene mtolankhani sadawapeze, adzawalemba ndani?

Tiyang'anane m'chipinda muno. Ndi angati adafika pano ndi ndalama za mlendo? Ine fizi yanga ya Fomu 3 idali mbuzi ziwiri za agogo anga aakazi. Wina adalipiriridwa ndi amalume amene ana awoawo adakhala pansi chaka chimenecho. Wina ndi mandazi, wina ndi kachasu amene mayi ake aphika mobisa chifukwa cha a mpingo, wina ndi banki m'khonde, wina ndi katapila amene mpaka lero sadathe. Ndipo kuti mayi apite ku ganyu kapena ku msika, khanda adalibereka ndani? Kawirikawiri ndi kamtsikana ka Sitandade 5 kamene kadayamba kujomba, kenaka nkulekeratu, kapena agogo a kumudzi amene alera zidzukulu makolo ali ku Joni. Amenewanso adalipira, kungoti salandira risiti. Kuchotsa fizi nkwabwino ndithu, koma yunifolomu, makope, sopo, ndalama ya basi ndi msana woberekera mwana zitsalabe pa anthu omwewa.

M'menemo ndimo muli nkhani zimene sitidalembe. Usiku umene bambo ndi mayi anong'onezana za mwana woti apitirize ndi woti adikire. Mlamu amene awerengera mumtima ndalama zonse zopita kwa mwana wa mlongo wa mwamuna wake. Wophunzira wa pano amene aopa kupita ku tchuthi chifukwa mudzi wonse umuona ngati nkhokwe yoti idzatsegulidwe. Akulu adati mutu umodzi susenza denga, koma m'nkhani zathu tijambula mutu umodzi wokha, wa mwana wanzeru, ena onse osenza nkuwasandutsa mithunzi.

Pempho langa kwa anzanga ndi kwa aphunzitsi athu amene mumatiwongolera ndi ili. Wina akadzatiwerengeranso nkhani ya mwana wosowa fizi, tisanayambe kukangana za mafanizo ndi kalembedwe ka mawu, tidzamfunse zinthu zitatu: zidali ndalama zingati, adagulitsa chiyani kuti azipeze, ndipo adatsala pakhomo ndani. Akalephera kuyankha, abwerere nayo akailembenso.