Ngwazi, Msilikali ndi Mtengatenga: Kuunika Mau a Mwambo wa Chikumbutso pa Chipilala cha ku Zomba

Chaka ndi chaka, tsiku Lamulungu lachiwiri m'mwezi wa Novembala, anthu amasonkhana pa chipilala cha njerwa zofiira chimene chili ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, kudzakumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo. Akuluakulu amayala nkhata za maluwa, lipenga limalira, khamu lonse limakhala chete kwa mphindi ziwiri, atsogoleri a mipingo amapemphera, ndipo nkhalamba zimene zinapuma usilikali zimakhala patsogolo zitavala mamendulo. M'nkhani ino sitifuna kulongosola mbiri ya nkhondo, pakuti imeneyo ili ndi eni ake. Ife tifuna kuuwerenga mwambowu monga momwe tiwerengera ndakatulo kapena sewero, ndi kufunsa ngati mau a Chichewa amene timawagwiritsa ntchito pa tsikuli amanenadi za anthu amene tikuwalirawo. Maganizo athu ndi akuti mau aulemu amene timasankha pa mwambowu amabisa zambiri, pamene mau wamba amene anthu a m'midzi anaitchula nawo nkhondoyo anasunga zoona zake, ngakhale kuti pa chipilala sitiwapatsa malo.

Tiyambe ndi thupi la mwambowo, limene ndi lobwereka lonse. Tsikuli linasankhidwa chifukwa mfuti zinaleka kulira ku Ulaya pa 11 Novembala 1918. Koma kuno kwathu nkhondo inali isanathe, pakuti mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anakapereka zida zake ku Abercorn, kumene lero timati Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala. Masabata awiri amenewo amuna a ku Nyasaland anali akadali pa ulendo, ena ndi mfuti, ena ndi katundu pamutu. Kukhala chete kwa mphindi ziwiri nakonso kuli ndi kwawo, ndipo anzathu a kumwera angakondwe kumva kuti kwawoko ndi ku Cape Town, kumene mwambowu unayamba mu 1918, Sir Percy FitzPatrick asanaupereke kwa Mfumu George V mu 1919. Kubwereka si cholakwa, ndipo ife ophunzira zilankhulo ndife omalizira kudandaula za chinthu chobwereka. Funso ndi lakuti kodi chobwerekacho chinalowa bwanji m'nyumba, ndipo chinapeza chiyani m'menemo.

Chinapezamo mwambo wa maliro, umene suyenda ndi chete yekha. Pa maliro a Achewa amuna amakhaladi duu panja, koma m'nyumba amayi amalira momveka, ndipo polira amatchula womwalirayo ndi ubale wake: mlongo wanga, malume anga, bambo a mwana uje. Asanapite kumanda wina amaimirira nanena mbiri yake, kumene anabadwira, mfunda wake, mudzi ndi mfumu yake, matenda amene amutenga, ndi ana amene wasiya. Nkhani ya kwawo kwa munthu ndi yaikulu kotero kuti Amalawi okhala ku Daveyton, pafupi ndi Benoni, ndi m'malokesheni ena a ku Joni, amasonkherana ndalama zambiri kuti thupi la mnzawo liyende ulendo wa masiku angapo kukagona pakati pa makolo ake. Tsono msilikali amene anagona ku Somaliland, ku Tanganyika kapena ku Burma ndi maliro amene sanafike pakhomo, ndipo chipilala cha ku Zomba chimaima m'malo mwa manda amene abale ake sanawaone. Mndandanda wa chisilikali umadziwa nambala ya munthu, udindo wake ndi gulu lake, ndipo umasanja akufa monga anaimira pa perete. Mudzi ndi mfunda, zimene kwa ife ndizo zimadziwitsa kuti munthu ndi wa kwa yani, mndandanda wotere ulibe nazo ntchito.

Mau akuti chikumbutso atithandiza pano. Tsinde lake ndi mneni -kumbuka, koma dzinali silichokera pa -kumbuka kapena pa msintho womchitira -kumbukira. Lichokera pa msintho wochititsa -kumbutsa. Motero chikumbutso m'Chichewa chimafuna anthu awiri, wokumbutsa ndi wokumbutsidwa, ndiponso chimafuna nkhani imene mmodzi auza mnzake. Mau a Chingerezi a tsikuli amalola munthu kukumbukira yekha mumtima, ndipo mphindi ziwiri za chete zimagwirizana nawo bwino, chifukwa ku Mangalande mu 1919 pafupifupi banja lililonse linali ndi nkhope yoti liione m'maganizo. Mnyamata wa ku Chinamwali kapena ku Matawale amene waima pa chipilala lero alibe nkhope yotere. Akakhala chete osauzidwa kanthu, palibe chimene wakumbutsidwa.

Nanga amauzidwa chiyani? Mau awiri amamveka kawirikawiri m'zolankhula ndi pa wailesi nyengo imeneyi, akuti ngwazi ndi akuti ofera dziko. Onse awiri ndi Chichewa chabwino, koma onse ali ndi katundu amene sanabadwe naye. Kuyambira zaka za m'ma 1960 kufikira 1994 Ngwazi inali imodzi yokha m'Malawi, Dr H. Kamuzu Banda, ndipo pambuyo pake Bingu wa Mutharika nayenso anavala dzina lomwelo. Mau amene akhala zaka makumi atatu patsogolo pa dzina la mtsogoleri sabwerera msanga kwa munthu wamba. Wopita pa chipilala cha asilikali cha ku Lilongwe amaona zimenezi ndi maso, pakuti patsogolo pake pali chiboliboli cha Dr Banda chimene chinatsekulidwa mu 2009: mlendo amayamba wakumana ndi Ngwazi ya chilembo chachikulu asanafike kwa ngwazi zinazo.

Mau akuti ofera dziko ndiwo ovuta koposa, ndipo tiyenera kuwayandikira mofatsa, chifukwa ana ndi zidzukulu za asilikaliwo ali pakati pathu. Dziko m'Chichewa ndi nthaka ya makolo, komanso ndi ulamuliro wa mwini dziko. Asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo magulu ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland, anafera dziko liti? John Chilembwe anafunsa funso lofanana ndi limeneli mu Novembala 1914, m'kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times, atamva za Afirika amene anaphedwa pa nkhondo ya ku Karonga mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo boma la atsamunda linaitsekereza kalatayo. Miyezi iwiri pambuyo pake, mu Januwale 1915, asilikali a gulu lomwelo anali pakati pa amene anatumidwa kukathyola kuukira kwake. Pa 3 Malichi 1959 analinso asilikali a gulu limeneli amene analamulidwa kuwombera khamu pa doko la Nkhata Bay, pomwe panafa anthu osachepera 20. Anthu a ku Nkhata Bay aja timawatchula ofera dziko mwezi wa Malichi. Novembala akafika timatenga mau omwewo kuwaveka asilikali. Sitikunena kuti msilikali sayenera ulemu. Ambiri analowa usilikali chifukwa cha msonkho, umphawi kapena lamulo la mfumu, ndipo kulimba mtima kwawo ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma pa nkhondo yachiwiri palibe angakutsutse. Tikunena kuti mau amodzi sangasenze maliro awiriwa popanda kunamiza mbali imodzi.

Chilankhulo chokha chinali choona mtima kuposa olankhula pa nsanja. Mau akuti msilikali, monga tiwaonera ife, ndi abale a mau a Chiswahili akuti serikali, kutanthauza boma, ndipo ngati zili choncho makolo athu anamutcha munthuyo dzina lolunjika: munthu wa boma. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anaitcha ya Chiwaya, kutengera mfuti ija yolira mosalekeza ngati chimanga chothetheka pa chiwaya. Dzinali mulibe ulemerero, mulibe mfumu kapena mbendera. Muli phokoso limene munthu analimva ndi makutu ake. Lero mwana akamva chiwaya amaganiza za tchipisi cha pamsika, ndipo sitimuimba mlandu.

Koma mau amene tifuna kukhalapo pang'ono ndi akuti tengatenga. Wolemba mbiri Melvin Page amawerengera kuti Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 pa nkhondo ya Chiwaya, ndi onyamula katundu pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Onyamulawo ndiwo amtengatenga. Anasenza ufa, zipolopolo ndi mbali za mizinga kuchokera kunyanja kukwera mapiri a ku Tanganyika ndi kulowa m'nkhalango za ku Mozambique, ndipo ochuluka anafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala, osati ndi mfuti. Kubwereza kwa tsinde, tenga-tenga, kumanena ntchito yosaona mapeto, monga timanenera kuti yendayenda kapena funafuna, ndipo mulinso kamnyozo kamene Mchewa aliyense amakamva. Anthu ambiri sanaisiyanitse ntchitoyi ndi thangata, mau ena amene poyamba ankatanthauza kuthandizana pakati pa anansi, kenaka nasanduka dzina la ntchito yokakamiza m'minda ya azungu. Chipilala cha ku Zomba ndi cha King's African Rifles, ndipo maina oposa 1,200 amene alembedwapo ndi a asilikali. Mtengatenga palibe. Chodabwitsa n'chakuti mauwo sanafe: anakwera mpaka ku likulu, ndipo lero tili ndi unduna woona za mtengatenga, umene umayang'anira misewu, njanji ndi ndege. Mau analandira ofesi ndi galimoto, eni ake alibe ngakhale mwala.

Kusowa kumeneku si kwa Malawi yekha. Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a mu Afirika ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo ena sanakumbukiridwe n'komwe. Mu Januwale 2025 bungweli linatsekula chikumbutso ku Cape Town cha antchito a nkhondo oposa 1,700, aliyense ndi mtengo wake wolembedwa dzina. Anzathu a ku South Africa ali ndi phunziro lina limene likhudza ife a zilankhulo mwachindunji. Sitima ya Mendi itamira pafupi ndi Isle of Wight pa 21 Febuluwale 1917, ndi amuna akuda oposa 600 amene ankapita kukagwira ntchito ku France, boma la nthawiyo silinawapatse ngakhale mendulo anzawo amene anapulumuka. Chimene chinasunga nkhaniyo zaka zonse za tsankho ndi pakamwa pa anthu, misonkhano ya chaka ndi chaka m'malokesheni, ndi ndakatulo ya Chixhosa ya S.E.K. Mqhayi imene ana ankaloweza kusukulu. Mwala wa ku manda a Avalon ku Soweto unadza mu 1995, mau atayenda kale zaka pafupifupi 80.

Kwathu ntchito yotereyi inagwiridwa ndi miyendo ndi ng'oma. Malipenga a Atonga a ku Nkhata Bay, mganda wa m'chigawo chapakati ndi beni wa Ayao ndi magule amene anatengera perete wa asilikali: mizere, mayunifolomu oyera, maudindo a chisilikali, ndi malipenga a zipanda m'malo mwa a mkuwa. T.O. Ranger analemba za beni m'buku lake la 1975. Chimene tionjezepo ife n'chakuti magulewa amachita chinthu chimene mwambo wa pa chipilala sungathe, ndicho kulemekeza ndi kuseka nthawi imodzi. Wovina amanyadira kuwongoka kwa msilikali uku akujeda kudzikuza kwa bwana wake, ndipo owonerera amamva zonse ziwiri. Lipenga la pa chipilala ndi malipenga a pabwalo ndi dzina limodzi, limodzi ndi ambiri, koma pa Novembala timaitana loyambalo lokha.

Pali umboni wina umene tiyenera kuutchula moyamika komanso modandaula. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Page, pamodzi ndi Amalawi amene ankamuthandiza, anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zimene zinaona nkhondo ya Chiwaya, asilikali ndi amtengatenga omwe. Pa zofunsazo panatuluka buku la The Chiwaya War mu 2000, ndipo mu 2021 mayankho a nkhalambazo anasindikizidwa m'mabuku awiri otchedwa Chiwaya War Voices. Ndi chuma chosayerekezeka, pakuti onse amene analankhulawo anapita. Koma timawawerenga m'Chingerezi. Nkhalamba imene inanena za njala, za chikoti ndi za mnzake wosiyidwa m'mbali mwa njira inasankha mneni wina kusiya wina, inaika mwambi apa ndi mfuwu apo, ndipo zonsezo womasulira, ngakhale waluso chotani, amazisalaza. Mdzukulu wa mtengatenga amene sanapite patali ndi sukulu sangamve agogo ake m'buku limene lili ndi mau awo.

Zimene tipempha kwa okonza mwambo ndi zochepa, ndipo sizifuna njerwa ina. Mphindi ziwiri za chete zikhalepo, nkhata ziyalidwe monga kale. Koma chete akatha, wina aimirire monga aimirira wonena mbiri pa maliro, awerenge maina makumi angapo chaka chilichonse, ndipo pamene mudzi ndi mfumu zikudziwika azitchule. Atchule asilikali kuti asilikali, atchulenso amtengatenga ndi dzina lawo lomwelo, ngakhale likhale lopanda ulemu m'makutu a ena. Kwa ife a m'bungwe lino ntchito ndi yofufuza m'mabuku a asilikali ndi a maboma ku National Archives, komwe kuli ku Zomba komweko, ndi kubwezera kalembedwe koyenera ku maina a Chiyao, Chichewa, Chingoni ndi Chitonga amene makalaliki a atsamunda anawalemba monga anawamvera, kuti wowerenga pa chipilala akawatchula, mbumba imene yakhala kumbuyo kwa khamu iwazindikire.