Missa Luba ndi Mmishoni Amene Anatsitsa Dzanja

Papita zaka zambiri chitulukire mbale ya galamafoni ya Missa Luba, koma funso limene imadzutsa likadali latsopano kwa ife ansembe ndi aseminale: kodi munthu wotumidwa kukatsogolera nyimbo za Mulungu m'dziko la eni ayenera kusiya chiyani pakhomo?

Bambo Guido Haazen, wa chipani cha Fransisko Woyera wochokera ku Belgium, anafika ku Congo m'chaka cha 1953. Ku Kamina anasonkhanitsa anyamata a sukulu okwana ngati 45 pamodzi ndi aphunzitsi awo, nawatcha Les Troubadours du Roi Baudouin. Munthu woleredwa m'nyimbo za Gregori ndi m'manotsi olembedwa akadatha kungowaphunzitsa zimene anabwera nazo, monga ankachitira amishoni ambiri, ndipo palibe akadamdzudzula. Iye anayamba wamvetsera nyimbo za Aluba, kenaka nalola oimbawo, motsogozedwa ndi mphunzitsi Joachim Ngoi, kuti aveke mawu a Misa maimbidwe a kwawo popanda kulemba kanthu.

Apa ndi pamene pagona ulemu wa ntchitoyi. Chinenero ndi zakudya zachilendo mmishoni aliyense amazolowera, pakuti njala imamkakamiza. Koma kuti mphunzitsi wa kwaya atsitse dzanja lake, alole ng'oma kuyendetsa nyimbo, alolenso wotsogolera kukhotetsa nyimboyo pamene mtima wamuuza, kumeneko ndi kuvula udindo umene anauvutikira zaka zambiri. Tamverani Kyrie, imene inaumbidwa pa kasala, nyimbo ya chisoni ya Aluba: mmodzi aponya, gulu livomera, ndipo kupempha chifundo kumveka ngati kwa anthu odziwa maliro. Tikumbukenso kuti zonsezi zinachitika Msonkhano wa Vatikano Wachiwiri usanalamule, mu ndime 119 ya Sacrosanctum Concilium m'chaka cha 1963, kuti nyimbo za anthu a m'maiko a mishoni zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo ake.

Komabe sitingabise kuti Bambo Haazen anatuluka ndi phazi limodzi lokha. Mawu onse anatsala monga analili mu Misa ya Chilatini. Mlandu umenewu si wake, chifukwa malamulo a nthawi imeneyo sakadamlola kuchita mwina. Koma khutu limamva chilemacho, makamaka mu Credo, m'mene mawu ochuluka a chiphunzitso akuthamangitsidwa kuti akwane m'nyimbo imene sinabadwire iwo. Mayi wa ku Kamina anazindikira ng'oma, koma chimene anali kuvomera sanachimve.

Pali chinanso chimene otamanda Misayi sakonda kutchula. Amene anachoka kwawo kwenikweni ndi anyamata aja. M'chaka cha 1958 anatengedwa kunka ku Ulaya, nakaimba pa chionetsero chachikulu cha ku Brussels, chomwecho chimene chinali ndi mudzi wa Akongo womangidwira kuti Azungu aziwapenyerera. Anaimba m'dzina la mfumu ya atsamunda, kutatsala zaka ziwiri zokha kuti dziko lawo lidzilamulire. Kodi omvera aja anamva pemphero, kapena anaona chodabwitsa cha ku Afrika? Ine ndikuopa kuti ambiri anaona chachiwiricho.

Kuchokera pamenepo Misayi inayenda njira ya kutali ndi guwa. Kampani ya Philips inaifalitsa pa mbale. Pasolini anaika Gloria m'kanema wake wa Mthenga Wabwino wa Mateyo m'chaka cha 1964, ndipo Sanctus inamveka m'kanema wa If.... mu 1968. Misa ya mwambo wa Chizaire, imene Roma anaivomereza mu 1988, inachokera kwina: ku khama la maepiskopi monga Kadinala Malula ndi ku maparishi oimba m'zinenero zawo. Missa Luba yokha, itatchuka, Bambo Haazen anailemba m'manotsi kuti makwaya ena aiphunzire, ndipo tsopano a ku Ulaya ndi ku Amereka amaiimba maso ali papepala, akudikira dzanja la mphunzitsi.